Mfuu ya Munthu Wosokera pa Phiri la Mulanje

Nkhani ya lero ikuchokera m'boma la Mulanje, kumene kuli phiri lalitali kupambana mapiri onse a m'Malawi. Komabe mfundo zake zikukhudza womvera aliyense, kaya ali ku Chitipa, ku Mchinji kapena ku Nsanje, pakuti palibe boma lopanda thengo, dambo kapena phiri kumene munthu angagwe m'mavuto ali kutali ndi anzake. Funso lake ndi ili: munthu akathyoka mwendo, akasokera m'nkhungu, kapena akatsekerezedwa ndi mtsinje wodzaza, kodi mawu ake angafike bwanji kwa anthu oti amthandize?

Phiri ndi nyengo yake

Woima pakati pa minda ya tiyi amaona phiri la Mulanje ngati chimwala chimodzi. Wokwera pamwamba amapeza kuti kuli dziko lina ndithu, la madambo aakulu, zigwa zakuya, mitsinje yozizira ndi nsonga zambiri. Nsonga yaitali kwambiri ndi Sapitwa, yotalika mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. M'madambomo muli nyumba zogona apaulendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu, ndipo kuchoka pa nyumba imodzi kufika pa inzake ndi ulendo wa maola angapo. M'mwezi wa July 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phirili m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi, kaamba ka chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe.

Okwera phirili si alendo ochokera kunja okha ayi. Amakwera ana a sukulu, magulu a mipingo, amayi ofuna nkhuni, asing'anga ofuna zitsamba, ogwira ntchito za nkhalango, ndiponso anyamata othamanga mpikisano wa onyamula katundu umene umayambira pa Likhubula. Onsewa amakumana ndi mdani mmodzi, ndiye kusintha kwa nyengo. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu akwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, kotero kuti wonyamuka pa Likhubula thukuta lili kamukamu angathe kufika pamwamba mano akugundana. Miyezi ya chisanu kumabwera chiperoni, mphepo ya nkhungu ndi mvula yowaza imene idatenga dzina kuchokera ku phiri la Chiperone la m'Mozambique. Chiperoni akagwa, njira imene imaoneka bwino mmawa imazimirira, miyala imaterera, ndipo timitsinje timene munthu adalumpha popita timasanduka mitsinje yokokolola.

Pamene uthenga unkayenda ndi miyendo

Makolo adali nazo njira zawo zoitanirana. Kumudzi kukagwa zoopsa ng'oma inkalira, lipenga linkawombedwa, kapena munthu ankakuwa mfuu imene midzi yoyandikana inkalandizana. Otsogola pa ulendo akafika pa mphambano ankatseka njira yosayenera ndi masamba kapena kulemba mzere pansi, kuti obwera m'mbuyo asasokere. Njira zonsezi zinkadalira chinthu chimodzi: pafupi pakhale munthu wakumva kapena woona. Pamwamba pa phiri munthu wotere amasowa, ndipo mfuu imamezedwa ndi mphepo ndi mkokomo wa mathithi.

M'chaka cha 1949 mkulu wina woyang'anira nkhalango, Fred France, adakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Ruo pamwamba pa phirili, pamene ankayesa kuwoloka mtsinjewo utadzaza ndi mvula ya chiperoni. Adali pa ulendo ndi Laurens van der Post, amene pambuyo pake adasimba za ngoziyi m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Masiku amenewo padalibe chida chilichonse choitanira anthu, ndipo uthenga wa imfayo udayenda wapansi kukafika kwa mkazi wake ku Chambe. Akuluakulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Koma munthu amalinda mosavuta ngati akudziwa kuti kunyumba akudziwa kumene iye ali. Wopanda njira yotumizira mawu amakakamizika kuwoloka, poopa kuti akakhala pomwepo palibe adzamfune.

Foni ya m'manja ndi malire ake

Lero anthu ambiri amayenda ndi foni m'thumba, ndipo chifukwa cha ichi ena amaganiza kuti nkhani yosokera idatha. Maganizo amenewa ndi oopsa. Foni siyankhula yokha ndi foni inzake. Imayamba yafikira nsanja ya kampani monga TNM kapena Airtel, ndipo nsanjazo zidamangidwa kumene kumakhala anthu, m'munsi mwa phiri. Mafunde a foni amayenda ngati kuwala, ndipo sangaboole thanthwe. Pa chifukwa ichi munthu woima m'mphepete mwa phiri, poyang'anana ndi midzi ya kumunsi, kawirikawiri amaipeza netiweki, koma akangolowa m'chigwa kapena kuseri kwa nsonga, foni imangoti zii. Tsoka lake ndi lakuti ngozi zambiri zimachitikira m'malo obisika omwewo.

Chachiwiri, foni ikasowa netiweki imalimbikira kuifunafuna, ndipo potero imamaliza batire msanga. Chisanu nachonso chimafooketsa batire. Wapaulendo wanzeru amazimitsa foni yake, naikulunga m'pepala la pulasitiki, naisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi pamene pali pofunda. Sathera moto wake pa nyimbo ndi zithunzi. Pakagwa vuto amakwera pamalo oonekera ngati kutero kulibe ngozi, nayamba ndi uthenga wolemba, pakuti uthenga wolemba umatha kudutsa pa netiweki yofooka imene singanyamule mawu. Manambala ofunika, a ofesi ya za nkhalango, a polisi, a chipatala ndi a mbale, amawalembanso pa pepala, chifukwa foni yake ikathima angabwereke ya mnzake.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Mafoni amakono ali ndi GPS, imene imamva mawu a masatelayiti mwachindunji, ndipo imagwira ntchito ngakhale pamalo popanda netiweki. GPS imapereka manambala awiri osonyeza malo enieni pamene munthu waima. Kuuza ofufuza kuti "ndili pafupi ndi mwala waukulu" n'kosathandiza pa phiri la miyala yokhayokha, koma manambala awiriwo amawafikitsa pafupi zedi. Luso lowerenga manambalawa liyenera kuphunziridwa munthu akadali kunyumba.

Kudalira foni yokha kudaonetsa kuipa kwake m'mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwa m'chigawo cha kummwera. Mapiri adagumuka, milatho idakokoloka, magetsi adathima, ndipo m'madera ambiri a Mulanje ndi Phalombe mafoni adaleka kugwira. Anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Tsiku limene lamya inkafunika koposa ndilo tsiku limene idakhala chete.

Zida zoyankhula ndi mlengalenga

Kumene nsanja sizifika, akatswiri adapeza njira yodzera kumwamba. M'chaka cha 1979 maiko anayi, Canada, France, America ndi Soviet Union, adagwirizana kukhazikitsa ntchito yotchedwa Cospas-Sarsat, yomvera mfuu za ndege, zombo ndi anthu ogwa m'ngozi kudzera m'masatelayiti. Anthu oyamba kupulumutsidwa mwa njira imeneyi adali atatu amene ndege yawo idagwa m'mapiri a ku Canada m'mwezi wa September 1982.

Chida cha munthu woyenda pansi chimatchedwa PLB. Kukula kwake ndi ngati foni yonenepa, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha. Munthu akatambasula kamlongoti kake n'kudina batani, chimatumiza mawu pa mafunde a 406 MHz, onena nambala ya chidacho ndi malo amene chili. Satelayiti imapatsira mawuwo ku siteshoni ya pansi, ndipo siteshoniyo imadziwitsa akuluakulu ofufuza a dziko limene ngozi yachitikira. Kuno kummwera kwa Africa siteshoni yotere ili ku Cape Town. Batire yake imakhala zaka zisanu kapena kuposerapo isanafune kusinthidwa, ndipo chikayatsidwa chimakuwa kwa maola osachepera 24. Salipira mwezi ndi mwezi. Koma mwini wake ayenera kuchilembetsa, kuti olandira mfuu adziwe dzina lake ndi mbale woti amfunse. Kufooka kwake n'kwakuti munthu sangafotokoze chimene chamugwera, ndiponso sangamve yankho.

Mtundu wachiwiri ndi tizida totumiza uthenga wolemba kudzera m'masatelayiti, monga inReach ya kampani ya Garmin, imene imagwiritsa ntchito masatelayiti 66 a Iridium ozungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 780. Ubwino wake ndi wakuti wovulala angathe kunena kuti ndi mwendo wothyoka kapena kulumidwa ndi njoka, ndipo ofufuza angamuyankhe. Chimathanso kusiya mapazi pa mapu, kotero kuti a kunyumba amaona kumene wafika. Koma chimafuna ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo ndalamayo ikapanda kulipidwa, ngakhale batani loitanira chithandizo lingathe kulephera kugwira.

Mtundu wachitatu ndi foni ya satelayiti, monga ya Iridium kapena Thuraya, imene munthu amayankhulapo ndi pakamwa. Iyi ndi yodula kugula ndiponso kuimbira. Mafoni ena amakono, kuyambira ndi iPhone 14 ya m'chaka cha 2022, amatha kutumiza uthenga wa ngozi pa satelayiti, koma ntchitoyi imatsegulidwa m'maiko osankhika okha, ndiye munthu asaidalire asanafunse. Palinso mawailesi a m'manja oyankhulirana, amene amathandiza gulu logawikana kuti lizimvana, ngakhale nawonso amatchingidwa ndi mapiri. Za chilolezo cha zida za mafunde, wofunsidwa ndi bungwe la MACRA.

Zida zonse za satelayiti zili ndi lamulo limodzi: zimafuna kuona thambo. M'phanga, pansi pa thanthwe lolendewera kapena m'chigwa chopapatiza mawu ake amavutika kutuluka. Nkhungu ndi mitambo sizizitchinga, koma mwala umatchinga.

Phunziro la ku Chikangawa

Chida chabwino chikapanda kusamalidwa chimasanduka katundu wolemetsa chabe. Mtundu wa Amalawi udaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali imene idanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, idasowa pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo itaipa. Ofufuza adayenda usiku m'nkhungu ya m'nkhalango ya Chikangawa, akutsata chizindikiro cha mafoni chimene nsanja ina idamva, ndipo ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira, onse atamwalira. Akatswiri a ku Germany amene adafufuza ngoziyi adapeza kuti ndegeyo idali nacho chida chokuwira pa ngozi, koma nthawi ya batire yake idatha m'chaka cha 2004. Chidachonso chidali cha mafunde akale, amene masatelayiti adaleka kuwamvera pa 1 February 2009.

Phunziro limeneli n'la aliyense wosunga chida, chachikulu kapena chaching'ono. Tsiku lotha batire limalembedwa pa chida chomwecho, ndipo liyenera kuwerengedwa ulendo usanayambe. Tochi iyatsidwe kunyumba, foni idzazidwe moto, ndalama ya mwezi ilipidwe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chida chodalirika ndi chimene chayesedwa dzulo.

Zida za munthu wamba

Omvera ambiri sangakwanitse kugula zida za satelayiti, ndipo palibe chifukwa chotayira mtima. Sukulu, mpingo kapena gulu la operekeza alendo lingathe kusonkherana n'kugula chimodzi choti chizibwerekedwa. Komanso zilipo zida zotsika mtengo zimene zimapezeka m'sitolo ya pa boma.

Choyamba ndi wenzulo, yonga ya woimbira mpira. Munthu wokuwa amasasa mawu posachedwa, koma wenzulo imamveka kutali ndipo ngakhale wofooka angathe kuiliza. Okwera mapiri a ku Ulaya adagwirizana kalekale, m'chaka cha 1894, za chizindikiro cha ngozi: kuliza kasanu ndi kamodzi m'mphindi imodzi, kupuma mphindi imodzi, kenaka kubwereza. Wakumva amayankha katatu. Wosokera asaleke kuliza atamva yankho, chifukwa ofufuza amalondola kulirako mpaka kumpeza.

Chachiwiri ndi tochi, imene usiku imaphethira mwa chiwerengero chomwecho. Chachitatu ndi kalilole wamng'ono, amene dzuwa likawala amaponya kuwala kooneka pa mtunda wa makilomita ambiri. Chachinayi ndi nsalu yowala, chitenje chofiira kapena chachikasu, choyala pa thanthwe kuti chioneke patali, chimenenso usiku chimakhala chofunda. Za moto pafunika kusamala kwakukulu. Utsi umaitana anthu, koma m'chilimwe udzu wa pamwamba umayaka ngati mafuta, ndipo moto wolusa wakhala ukuwononga mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko umene kwawo kwenikweni ndi pa phiri lomweli. Moto wotere ungathenso kupsereza wouyatsayo.

Chachisanu ndi pepala ndi pensulo. Ngati palibe chida chogwira ndipo gulu ndi lokwanira, awiri atsike kukanena, wina atsale ndi wovulala. Otsikawo anyamule kalata yonena zinthu zisanu: wavulala ndani, wavulala motani, nthawi yanji, ali pamalo pati, ndiponso otsala ali ndi chakudya ndi zofunda zotani. Munthu wothamanga ndi mantha amafika wefuwefu n'kuiwala theka la uthenga, koma pepala siliiwala. Zinthu zisanu zomwezi ndizo zoyenera kunena pa foni.

Kodi adzabwera ndani?

Apa ndipo pagona nkhani. Satelayiti ingathe kunyamula mfuu m'mphindi zochepa, koma singanyamule munthu. Pa phiri la Mulanje chithandizo kawirikawiri chimabwera ndi miyendo: operekeza alendo, onyamula katundu, ogwira ntchito za nkhalango, apolisi ndi anthu a m'midzi, atasenza machira. Kuchokera pa Likhubula kufika pa Chambe pokha ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, ndipo nkhungu ikatseka, ngakhale helikopita singaone potera. Choncho woitana chithandizo ayenera kukonzeka kudikira usiku wonse. Akhale pamalo amodzi, abisale ku mphepo, ayale udzu kapena chikwama pansi kuti thanthwe lisamuyamwe kutentha, ndipo asavule zofunda. Wosokera amene amangoyendayenda amachoka pamalo pamene akumfuna, ndiponso amadziyandikiza ku maphompho.

Mbiri ya Sapitwa ikuchitira umboni. M'chaka cha 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands adakwera yekha kulunjika ku nsongayi, ndipo sadabwerere. M'mwezi wa July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wophunzira za chuma, adasiya womperekeza m'munsi napitirira yekha. Nyengo idasintha. Magulu ofufuza a m'dziko muno ndi ochokera kunja adamfunafuna, koma thupi lake lidapezeka pa 5 August, patapita masiku 19, ndipo chidamupha ndi chisanu. Mnzake Fellipe Barbosa adajambula filimu ya ulendo wakewo, imene idatuluka m'chaka cha 2017. Anthu ozungulira phirili ali ndi mafotokozedwe awo okhudza mizimu ya makolo, ndipo dzina lakuti Sapitwa limanena lokha. Kaya munthu atsata mafotokozedwe ati, langizo la akuluakulu a m'midzi ndi la akatswiri a mapiri limakumana pamodzi: phiri ili salikwera modzikuza, ndipo salikwera yekha. Kuyenda awiri si mantha.

Pa chifukwa ichi, chida choposa zonse ndi uthenga umene munthu amasiya asananyamuke. Wokwera phiri alembetse dzina lake pa ofesi ya za nkhalango, monga ya pa Likhubula, ndipo atenge womperekeza wodziwika. Anene njira imene adzere, nyumba imene akagone, ndi tsiku lobwerera. Auze mbale wake nthawi yeniyeni yoti ayambe kuda nkhawa, ndi munthu woti akamuuze nthawiyo ikakwana. Akafika pa nyumba ya pamwamba, auze mlonda kumene akulowera mawa. Akasintha njira, anene. Mayi wopita ku nkhuni ndi msing'anga wopita ku zitsamba achitenso chimodzimodzi kwa a pabanja pawo. Uthenga wotere sufuna batire, sutchingidwa ndi thanthwe, ndipo umagwira ntchito ngakhale mwini wake atakomoka, pakuti kusabwera kwakeko ndiko kumaliza ng'oma.

Mawu otsiriza

Mfuu iliyonse imafuna zinthu zitatu kuti ipulumutse moyo: chida chogwira ntchito, munthu wakumva amene akudziwa chochita, ndi nthawi yokwanira kuti othandiza afike wovutikayo akadali moyo. Chimodzi chikasowa, ziwiri zinazo n'zachabe. Msodzi wa pa nyanja ya Chilwa, woyendetsa galimoto m'misewu ya ku Nyika, mlimi wodutsa pa Fort Lister kupita ku Phalombe, ndi mwana wa sukulu wofuna kuona Sapitwa, onse ayenera kudzifunsa mafunso atatu asanatseke chitseko. Kodi chida chili m'thumbachi chayesedwa? Kodi ndani akudziwa kumene ulendowu ukulowera? Kodi zofunda ndi kamba zingakwane usiku umodzi wosayembekezeka? Woyankha bwino mafunso amenewa ayende ndi mtendere, ndipo a kunyumba adzamlandira ndi chimwemwe.